Magalasi a Bambo Anatsala ku Kelvin

Dzulo mdzukulu wanga anandibweretsera chiganizo cha Chingerezi choti achigawe m'zigawo. Fungo la kope lakelo linandibwezera ku Iminyela, komwe ndinakulira.

Aphunzitsi athu ankatipatsa ziganizo zazitali ngati sitima ya malasha, ati tipeze mutu ndi mchira wake. Wolephera ankalandira rula pazala. Ine ndinkathamangira kwa bambo akangofika kuchokera ku fakitale ya ku Kelvin, akununkha girisi.

"Baba, chiganizochi ndichidule pati?"

Ankalandira kopelo, n'kuliyang'anitsitsa, kenako n'kunena kuti, "Magalasi ndawasiya kuntchito, mwana wanga. Mawa."

Mawa lakelo silinkafika. Zala zanga zinkatupa, mtima n'kumawira. Munthu wamkulu n'kumaiwala magalasi tsiku ndi tsiku! Tsiku lina ndinawamanga kachingwe kofiira pachala kuti akumbukire. Anabwerako opanda magalasi, opanda kachingwe komwe. Ndinalira, ndinawanena kuti sandikonda.

Bambo atamwalira, anzawo anatibweretsera zonse za m'kabati yawo ya kuntchito: ovolosi, kapu, ndi kachingwe kofiira kaja. Magalasi munalibe. Sanakhalepo nawo, pakuti kuwerenga sankadziwa.