Yankho la makina linaoletsa kachewere wa amalume

Inu owerenga, ine ndinaoletsa kachewere wa anthu chifukwa cha imelo, ndipo mpaka lero ndimayenda chowerama kwathu ku Biriwiri.

Nditamaliza maphunziro a zamalonda ndinabwerera kumudzi mutu uli wotentha. Zinkandiwawa kuona amalume, amene anandiphunzitsa ndi khasu lawo, akunyengerera mavenda pa Lizulu kuti awagule kachewere pamtengo wolira. Ndinati basi, ndiyambitsa kabizinesi kosonkhanitsa kachewere wa alimi n'kumagulitsa ndekha kumahotela a ku Lilongwe. Ndinalibe ofesi kapena galimoto, koma foni yokha.

Ndinatola maadiresi pa intaneti n'kuyamba kulembera mabwana osandidziwa. Ndinkakwera kaphiri ka kuseri kwa tchalitchi kukasaka netiweki, kutumiza, kudikira. Kuli zii.

Tsiku lina nditangotumiza, foni inalira. Hotela ina yaikulu inati yalandira uthenga wanga, ikuthokoza, ndipo indiyankha posachedwa. Abale inu, ndinatsika phirilo chothamanga! Kwathu kuno munthu wamkulu akati tamva, tikuyankhani, ndiye kuti nkhani yalowa m'nyumba. Sindinadzifunse kuti ndi bwana wanji amene amawerenga ndi kuyankha nthawi yomweyo.

Ndinauza amalume kuti asagulitse. Anandiyang'ana nati, "Mphwanga, munthuyo walankhula naye pakamwa?" Ndinangowaonetsa foni. Anandikhulupirira, nauzanso anzawo, onse n'kuunjika matumba m'nyumba mwawo. Mavenda atabwera ndi lole tinawabweza, ine ndikuwaseka.

Mvula inayamba. Ndinalembanso, ndipo linabwera yankho lomwe lija, osasintha ndi liwu limodzi lomwe. Ndinakwera minibasi mpaka kuhotelako, kumene mayi wolandira alendo anandiuza mwachifundo kuti amayankha choncho ndi makina, kwa aliyense, ndipo kachewere ali naye kale wowapatsa.

Pobwerera, fungo linandichingamira ndisanafike pakhomo. Ndinapeza amalume akukokolola zoolazo ndi fosholo kukataya kudzenje. Chaka chimenecho feteleza sanagule, ndipo mwana wawo wamkazi anasiyira sukulu pa Fomu 2. Bola amalumewo akanandikalipira.

Achinyamata anzanga, lemberani anthu, sindikukuletsani. Koma musauze mlimi kuti asunge zokolola zake musanamve mawu a munthu wamoyo. Ine mtsikana uja ndimakumana naye m'mawa uliwonse, khasu lili paphewa, ndipo amandipatsabe moni mwaulemu, n'kuti achimwene mwadzuka bwanji.