Katundu amene ndinkamutcha siliva

Kompyuta ya aphunzitsi inalibe batani limodzi. Pamalo pake panali kabowo, ndipo tinkadinapo ndi kamtengo ka machesi. Inkakhala pa tebulo lawo lodyera, yofundidwa chitenje chakale poopa fumbi, ndipo ikayaka inkanunkha pulasitiki wotentha. Inasiyidwa ndi mzungu wina amene anaphunzitsapo pa sukulu yathu ku Liwaladzi. M'kati mwake munali masewera awiri a zombo zouluka pakati pa nyenyezi.

Inali nyengo ya mwera, sukulu itatsekera. Mabwato ankakhala pamchenga chifukwa cha mafunde, ndipo amalume, mlongo wawo wa amayi, analibe chochita koma kusoka maukonde ndi kutiseka anafe. Aphunzitsi ankatilola kusewera masana, iwo ali kudimba.

M'masewera onse awiri munthu ankapatsidwa chombo chosauka n'kuuzidwa kuti apite kumene akufuna. Kufanana kwake kunkathera pomwepo. Oyamba anali amitundumitundu, anali ndi nyimbo komanso nkhope za oyendetsa zombo, zina zandevu, zina zolusa. Usanapite patali adani ankakhala atafika kale, ndipo chipinda chonse chinkadzaza phokoso la mizinga ndi kukuwa kwa anzanga. Malonda analimo, koma palibe amene ankawalabadira, chifukwa kuphulitsa mdani kunkalipira msanga.

Achiwiri anali akale kwambiri. Galasi lonse linkakhala lakuda, zombo zili mizere yoyera ngati choko pa bolodi. Munalibe nkhope, munalibe nyimbo. Unkagula chakudya pa nyenyezi ina, n'kuyenda mumdima nthawi yaitali, kukagulitsa kwina, n'kugulako makina. Doko lake linkazungulira, khomo lake lopapatiza, moti kulowamo kunali ngati kulowetsa ulusi pa singano imene wina akuipotoza. Anzanga ankatopa nawo. Ine ndinawakonda, mwina chifukwa ndinali mwana wosalankhulalankhula. Oyambawo ankakuthamangitsa, achiwiriwa ankakusiya wekha ngati kuti sakukudziwa.

Lero mwana wanga akamasewera pa foni sindifulumira kunena kuti awa ndi abwino, awa ndi oipa. Nthawi imeneyo ndinafulumira. Ndinkadziona woyera pakati pa anzanga, ine wamalonda, iwo akupha.

Amalume ndiwo anabweretsa nkhaniyo kunyumba. Ankationera pa zenera, ndipo tsiku lina anauza amayi akuseka kuti, "Alongo, mwana wanuyu akuphunzira usilikali kwa aphunzitsi. Kumeneko akufa anthu ambiri, maliro ake osaoneka."

Amayi sanaseke. Anati ndisapitenso. Ndinalira, ndinalumbira kuti ine sindiwombera, anga ndi malonda okha, ndipo ngakhale ku madrasa anatiphunzitsa kuti malonda ndi halali, ololedwa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Ndikaone ndekha. Ngati ali malonda, uzipita."

Ndinakonzekera ngati mayeso. Mayina a katundu ankalembedwa m'Chingerezi, ndipo ine Chingerezi ndinkachidziwa pang'ono chabe. Panali mawu ena amene zilembo zake zinkafanana ndi za siliva, ndipo ndinkawawerenga choncho. Katundu ameneyo ndiye ankapindulitsa kuposa onse. Ndikamunyamula zombo za apolisi zinkanditsata, koma ndinkati n'chifukwa choti siliva ndi wamtengo wapatali. Tsiku loti amayi abwere lisanafike, ndinadzaza chombo chonse ndi katundu ameneyo kuti akaone kuti mwana wawo ndi wochenjera.

Anabwera Lachisanu, anthu atatuluka ku mzikiti, atavala mpango wawo woyera wopita nawo ku maukwati. Anavula nsapato pakhomo ngakhale aphunzitsi anawaletsa, n'kukhala m'mphepete mwa mpando, manja pamaondo. Amalume anaima pa zenera lawo lija. Ndinalowetsa chombo pa doko osakhudza khoma, ndipo ndinamva amayi akupuma pang'ono ngati agoma.

"Ndiye wanyamula chiyani?" anafunsa.

"Siliva, amayi. Chadzaza."

Aphunzitsi anawerama, nakonza magalasi awo. Ndikukumbukira fungo la sopo pa malaya awo, ndi mmene chala chawo chinaimira pa galasi osasuntha.

"Wawerenga molakwika, mnyamata. Si siliva ameneyu."

"Nanga n'chiyani, aphunzitsi, matemba?" anatero amalume pa zenera.

"Alemba kuti akapolo."

Kwathu ku Nkhotakota mawu amenewo satchulidwa wamba. Ana tinkatukwanirana pa mpira osadziwa kulemera kwake, koma wamkulu akawamva ankakukoka khutu osakuuza chifukwa. Amalume anachoka pa zenera. Ine makutu anatentha, ndipo ndinayang'ana zala zanga pa mabatani ngati si zanga.

Aphunzitsi anachita manyazi kuposa ine. Anati sanadziwe kuti zimenezo zilimo, anati ndi masewera chabe, manambala basi, ndipo anatambasula dzanja kuti azimitse.

"Musazimitse, aphunzitsi," anatero amayi. "Akadali m'katimo." Kenako anatembenukira kwa ine. "Unawatenga kuti?"

Ndinaloza kadontho koyera pakona pa galasi.

"Abwezere."

Ulendowo unali wautali, ndipo m'masewera akalewo mulibe chofupikitsa njira. Tonse atatu maso anali pa galasi, nyenyezi zikudutsa ngati mchenga woulutsidwa. Kunja mwera unkagwedeza malata. Apolisi ananditsata, anandiwombera, ine osabwezera, chifukwa amayi anali pambali panga. Tiyi amene aphunzitsi anawapatsa anazizira osamukhudza. Nthawi ya swala ya Alasiri, pemphero la chakumadzulo, itakwana anapempha mkeka, naswali pakona pa chipinda, n'kubwerera pa mpando wawo. Sindinawaonepo akudikira chinthu chotero, ngakhale bwato la amalume likachedwa.

Nditafika, ndinapeza kuti ndingachite ziwiri zokha: kuwagulitsa pa msika womwe ndinawagula, kapena kutsegula chitseko n'kuwataya mumdima. Amayi anafunsa ngati palibe batani lowamasula. Aphunzitsi anafufuza, anadina apa ndi apo, mpaka anagwiritsa kamtengo ka machesi. Panalibe. Amene anapanga masewerawo anaganizira mafuta, mizinga, mitengo ya zinthu pa nyenyezi iliyonse, koma zimenezo sanaziganizire. Sindikuwaweruza. Mwina kwawo mawuwo anali akale kwambiri moti sankapwetekanso munthu.

Ndinawagulitsa motchipa kuposa mmene ndinawagulira. Dzina lija linafufutika pa galasi, chombo chinatsala chopanda kanthu.

"Kumeneko ndi kwawo," anafunsa amayi, "kapena ndi kumene anangowagulitsira?"

Ndinati sindikudziwa, masewerawo sanena. Anagwedeza mutu, nathokoza aphunzitsi chifukwa cha tiyi, navala nsapato zawo. Panjira anati ndikhoza kumapitabe ngati ndikufuna. Ndinapitako kangapo, koma ndinkangokhala kumbuyo, kuonera anzanga akuwomberana. Anzangawo adani awo anali ndi nkhope, ndipo ankadziwa chimene akuchita.

Zaka zambiri pambuyo pake, pokambirana za ukwati wanga ndi malemu mkazi wanga, ankhoswe a kwawo anafunsa kuti mtundu wathu unachokera kuti kwenikweni. Amalume, amene sankasowa choyankha, anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Ife ndife akunyanja konkuno." Anthu aja anali aulemu, sanafunsenso. Atapita, amalume anandiuza kuti agogo awo aakazi, a iwo ndi amayi, anafika ku Nkhotakota ali kamtsikana, ali ndi chingwe m'khosi, ndipo anamwalira osakumbukira dzina la mudzi wawo. Ankangoti kunali mapiri, ndi mtsinje wozizira. Amayi ndi amene ankawasambitsa atakalamba.

Koma tsiku lija, ndikuyenda kumbuyo kwawo mumchenga wotentha, zimenezi sindinkazidziwa. Ndinkalira mwakachetechete chifukwa cha phindu langa lotayika, ndi chifukwa chowerenga molakwika pamaso pa aphunzitsi. Tili pafupi ndi nyumba amayi anaima, osatembenuka, nafunsanso ngati palibedi njira yodziwira kumene anthu aja anachokera. Ndinawayankha monyada pang'ono kuti nyenyezi za m'menemo n'zambiri, munthu sangazidziwe zonse. Ndinkaganiza kuti akufunsa za nyenyezi.