Mphukira Zoyera za Mayi Igarashi

Mayi Tomie Igarashi anakalamba akulimbana ndi dzuwa, nkhono ndi anthu a m'mudzi mwawo, ndipo ankanena poyera kuti mwa zitatuzi nkhono ndizo zinali ndi nzeruko. M'mapiri a Yamagata, giboshi, chomera cha masamba otambalala, ndi ndiwo. Chipale chofewa chikasungunuka, mphukira zake zikangosuzumira zili zopindana, anthu amathyola, kuwiritsa pang'ono, kuthira viniga ndi miso, phala la soya lamchere, nkhani yatha. Mayi Igarashi okha ndiwo ankalima giboshi woti azingomuyang'ana.

Kuseri kwa nyumba yawo anali ndi wa masamba oyera m'mphepete, wa chikasu pakati, ndi wina wotuwa. Koma mtima wawo unali pa tsinde limodzi lomwe analipeza okha pathanthwe la kumtsinje atangokwatiwa kumene. Masamba ake anali obiriwira, okhala ndi mizere yoyera ngati wina wadonthezerapo mkaka, ndipo panalibe awiri ofanana. Kuvuta kwake ndiye osanena. Dzuwa likachuluka, zoyerazo zinkapsa. Mthunzi ukanyanya, mizere inkazilala. Komanso chaka ndi chaka tsindelo linkatulutsa mphukira zina zobiriwira zokhazokha, zonenepa, zomwe ukazilekerera zimapondereza zamizere mpaka kuzimaliza. Zimenezo mayiwa ankazidula ndi mpeni, akuzitukwana.

Mthunzi woyenera unkachokera pa mtengo wa zipatso zotchedwa kaki wa a Numazawa, oyandikana nawo nyumba. Amuna awo a Mayi Igarashi anamwalira, ana anapita kutauni, koma mtengowo unalipobe, ndipo iwo ankauwerengera ngati wawo.

Ndiye chaka china zimbalangondo zinayamba kutsika m'phiri kudzadya zipatso za kaki zosathyoledwa. Msonkhano wa mudzi unagamula kuti mitengo yotere igwe. Mayi Igarashi anapeza a Numazawa akunola kale sowo.

"A Numazawa, musadule. Zipatsozo ndizithyola ndekha, zonse."

"Inuyo? Pamakwerero, ndi mawondo amenewo? Chimbalangondo chidzakupezani muli pansi kale, mwachipeputsira ntchito."

"Nanga giboshi wanga?"

"Ndiwo zanu zija? Idyani, mayi. Mwaziyang'ana mokwanira."

Mtengo unagwa. Mayiwa anakwiya moti anasiya kupereka moni, zomwe m'mudzi muja n'zoopsa kuposa chimbalangondo. A Numazawa manyazi anawagwira, n'kubwera atavula chipewa kudzanena kuti kuseri kwa shedi yawo dzuwa limangofika m'mawa wokha. Mayi Igarashi anakaona malowo, kufinya dothi lake m'manja, n'kuvomera monyinyirika. Anakumba tsinde lamizere lija n'kulisamutsira komweko.

Nthawi yophukira itayandikira, bondo linawavuta, ndipo mwana wawo wamkazi anawatengera kutauni kukachitidwa opaleshoni. Asanakwere galimoto mayiwa anakokera a Numazawa pambali.

"Zikaphuka, zobiriwira mudule, mudye. Zoyerera musazikhudze. Mwamva?"

"Ndamva, ndamva. Mesa ndinabadwira m'munda ine?"

Kumva anamvadi, koma kwa akazi awo, Mayi Kikuyo, anangokafikitsa theka: akuti zina mutha kudula. Bambo amenewa uthenga sankafika nawo wathunthu chibadwire.

Tsiku lomwe Mayi Igarashi anabwerera, akuyenda ndi ndodo, Mayi Kikuyo anawachingamira pamsewu n'kuwalowetsa m'nyumba asanaone n'komwe kuseri kwa shedi.

"Khalani kaye, achemwali. Zakuchipatala zija si chakudya, taonani mmene mwathera."

Anayika mpunga, msuzi, ndi kambale ka mphukira zothira miso. Mayi Igarashi ananyamula imodzi ndi timitengo todyera. Inali itamasuka pang'ono ndi madzi otentha, ndipo mzere woyera unkaoneka bwinobwino kuyambira pansi mpaka kunsonga. Anatembenuza ina. Chimodzimodzi.

"Ndakusankhirani zoyera zokhazokha," anatero Mayi Kikuyo, nkhope ikuwala. "Zobiriwirazo n'zolimba, ndingapatse mlendo zimenezo? Anzathu amachita kukwirira ndi mankhusu a mpunga kuti ziyere chonchi, koma zanuzi zayera zokha. Muli ndi dzanja, achemwali."

Zoona, m'dera lonselo mphukira yoyera ndiyo ya ulemu. Palibe akanati Mayi Kikuyo alakwa. A Numazawa anayang'ana m'kambale, kenako anayang'ana kudenga, ngati kuli china chachilendo kumeneko.

Mayi Igarashi anafuna kukuwa, kugubuduza tebulo, kunena zonse zomwe anasunga chigwereni mtengo uja. Koma ungamukalipire bwanji munthu amene wakupatsa zabwino koposa zomwe anaziona? Anaika mphukirayo m'kamwa n'kutafuna.

"Zakoma?"

"Zakoma," anayankha. Ndipo zinakomadi, zofewa, zoterera pang'ono. Zimenezo n'zomwe zinawapweteka kwambiri.

Atatha kudya anapempha mpeni ndi dengu. Kuseri kwa shedi anapeza mphukira zobiriwira zitaima njo, zonenepa, pakati pake pali tizitsa toyera todulidwa mwaukhondo. Anagwada pa bondo lomwe adokotala anawaletsa kugwadira, n'kudula zobiriwirazo imodziimodzi, pansi penipeni, kuti ngati muzu wamizere udakali ndi mphamvu upeze mpata. Ngati unalibe, ndiye kuti tsinde lonse latha, ndipo iwo ankadziwa zimenezo.

"Mayi, mukumalizatu zonse!" anatero a Numazawa ali chilili kumbuyo. "Ndiye muziyang'ana chiyani?"

Mayi Igarashi anawapatsira dengu osatembenuka.

"Izi ndiye mudye. Ndipo mundibweretsere mpando, ndizikhala pompano."

A Numazawa anakatenga mpando. Mayiwa anaukhazika moyang'ana dothi lopanda kanthu lija, n'kukhala.