Chala Chimene Ndinamata ndi Guluu

Chinayamba ndi kabala kakang'ono, kochititsa manyazi kukatchula. Kumayambiriro kwa Novembala chaka chatha, lezala linandicheka chala chamkombaphala cha dzanja lamanja. Linali lezala lakuthwa mbali zonse ziwiri, ndipo tsiku limenelo ndinachita ulesi kukulunga mbali imodzi ndi selotepi monga ndimachitira nthawi zonse. Magazi anatuluka pang'ono basi.

Ine ndimagulitsa kaunjika pamsika wa pa Mwanza, koma chimene mtima wanga umakonda ndi kupanga makhadi a Khirisimasi. Ndimapinda pepala lolimba, n'kumatapo tizidutswa ta chitenje totola kwa atelala ndi makoko ouma a nthochi. Makokowo ndimawadula timizeremizere, n'kupangira denga la khola, ng'ombe, ndi modyera momwe munagona Mwana. Sindigulitsa. Amayi a kutchalitchi kwathu amatenga makhadiwo kukapereka kwa odwala ndi okalamba, ena amatumizira ana awo ku Joni kudzera mwa madalaivala a mathiraki. Kwa zaka zambiri, akati makhadi ankatanthauza ine.

Ndiye panabwera mlamu wanga Lusiya, mkazi wa mchimwene wanga wamng'ono. Ndinamuphunzitsa ndine, kuyambira kagwiridwe ka sizasi. Chaka chake chachiwiri chokha, mayi wina anatenga khadi la Lusiya, n'kuliyang'ana nthawi yaitali, n'kunena pamaso panga kuti ng'ombe zake zikuoneka ngati zamoyo, zikupuma. Ndinaseka nawo, koma kunena zoona mtima unandiwawa. Zanga kwa zaka zonsezi zinali zakufa kodi?

Choncho nditadzicheka, sindinafune kuima. Bandeji imasokoneza podula, ndiye ndinatenga guluu wolimba uja timamatira nsapato ndi mikanda, n'kudonthezera pabalapo, n'kufinya mpaka linatsekeka. Ambiri ogwira ntchito zamanja amatero. Chala ndinali ndisanachitsuke n'komwe, fumbi la makoko lili momwemo.

Patapita masiku ochepa chala chinayamba kutentha ndi kugunda. Kenako chinatupa, khungu n'kumanyezimira. Ndinkamwa panado n'kupitiriza kudula. Sabata yachiwiri kunabwera mwanabere m'khwapa, thupi linkatentha, ludzu losatha, kukodza pafupipafupi. Ndinkati ndi kutentha kwa nyengo. Lusiya ataona chalacho anati ndipite kuchipatala, makhadi atsiriza iye. Mawu amenewo ndi amene anandikhazika pakhomo sabata ina yathunthu. Ndinkadziuza kuti akufuna ndichoke kuti chaka chino chikhale chake.

Chakumapeto kwa Novembala, m'mawa wina ndinalephera kumanga chitenje. Nsonga ya chala inali itada, ikutuluka mafinya onunkha. Amuna anga sanandifunsenso maganizo, anangoitana kabaza.

Kuchipatala tinapeza mabenchi atadzaza kale. Tinadikira mpaka dzuwa linafika pamutu, mzere ukuyenda pang'onopang'ono, aliyense atagwira kabuku kake. Anandiyeza thupi, anandibaya chala china kuti aone magazi. Malungo sanapezeke. Chimene chinapezeka ndi shuga wokwera kwambiri, matenda amene sindinkadziwa kuti ndili nawo. Adokotala atafunsa chimene ndinaika pabalapo, ndinayankha motsitsa mawu. Iwo anati, “Mayi, munatsekera tizilombo m'kati. Ndipo kwa munthu wa shuga, bala silipola msanga.”

Anandigoneka m'wodi ya amayi, diripi padzanja lamanzere. Moyo wa mmenemo uli ndi ndondomeko yake. M'mawa okolopa amatulutsa onse odikirira odwala. Kenako anamwino amabwera kudzayeza shuga ndi kubaya jekeseni, pambuyo pake adokotala amayendera bedi ndi bedi. Nthawi yotsuka bala ndinkaluma nsalu kuti ndisakuwe. Kupatula apo, ndi kudikira basi.

Wondidikirira anali Lusiya, poti amuna sagona m'wodi ya amayi. Ankandisambitsa, kundichapira, kundiphikira ndiwo zamasamba zopanda mafuta monga anamwino analamulira. Sanadandaulepo. Koma anabwera ndi jumbo ya mapepala anga, ndipo masana ankakhala pakhonde n'kumadula. Ndinkamuona pawindo. Anamwino ankaima n'kumayamikira, mmodzi anachita kupempha khadi la amayi ake. Ine ndili gone, dzanja lili pa pilo ngati chinangwa chokulunga, nsanje ikundidya kuposa balalo. Munthu akukusambitsa iwe ukumuchitira kaduka. Ndinkadziwa kuti si bwino, koma kudziwako sikunachotse kanthu.

Mankhwala anatsitsa kutentha thupi, shuga anayamba kutsika, koma nsonga ya chala sinabwerere. Atajambula chalacho anapeza kuti matenda afika pafupa. Adokotala anandiuza kuti akapanda kudula, dzanja lonse likhala pangozi. Ndinafunsa ngati palibe njira ina. Anati, “Mukanabwera sabata yoyamba, tikanangotsuka n'kukupatsani mapiritsi. Pano njira ndi imeneyi.”

Ndinalowa ku fiyeta kumayambiriro kwa Disembala. Anadula mfundo ziwiri, n'kusiya kachitsa.

Ananditulutsa Khirisimasi itayandikira. Lamulungu lake ndinapita kutchalitchi dzanja lili m'bandeji, n'kupeza makhadi ataikidwa patebulo kutsogolo. Onse anali a Lusiya. Anali okongola, sindinganame. Amayi a kutchalitchiko ankandipatsa moni, kundipepesa, kenako n'kumati ndithokoze Mulungu pondipatsa mlamu waluso chotere. Ndinkavomera ndi mutu. Nditafika kunyumba ndinalira, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndinkalirira chala kapena makhadi.

Bala linapola bwino m'mwezi wa Febuluwale. Pano ndimamwa mankhwala a shuga tsiku ndi tsiku, ndipo mwezi uliwonse ndimapita kukayezetsa. Tiyi ndimamwa wopanda shuga, zakumwa zotsekemera ndinasiya, thupi lapepuka. Kumsika ndinabwerera. Kulemba ndinaphunziranso pogwiritsa ntchito chala chapakati. Kukazizira kachitsa kamaluma, koma n'zopiririka.

Lezala lokha ndiye sindingathe. Ndayesa kangapo, timizere timatuluka tokhotakhota. Chaka chino tikupanga limodzi ndi Lusiya: ine ndimasankha nsalu ndi kupinda mapepala, iye amadula ndi kumata. Nsanje sinathe ayi. Akamadula denga la khola ndimayang'ana kumbali. Koma ndimakhala pomwepo, ndipo akafuna guluu ndimamupatsira.

Kwa anzanga ogwira ntchito zamanja, osoka, oluka, omata, ndikuti bala ndi bala ngakhale likhale laling'ono. Litsukeni ndi madzi oyera ndi sopo, musamatepo guluu. Likayamba kutupa, kutentha kapena kugunda, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mukapemphe akuyezeni shuga ngakhale mukudziona ngati muli bwino. Ntchito isiyeni m'manja mwa wina, ngakhale winayo akhale amene simufuna kuti akuposeni. Ine ndinakhala pakhomo kuopa kuti makhadi atuluka popanda ine. Anatulukabe popanda ine, ndipo chala sichidzameranso.