Miyendo ya Nyamalikiti

Pamsika wa ziboliboli wa Mukuni Park aliyense amadziwika ndi nyama yake. Wina ndi wa njovu, wina wa mikango, ndipo amuna anga anali a nyamalikiti. Ankasema miyendo yoonda ngati chala cha mwana, inayi yonse kuchokera m'chipika chimodzi cha mtengo wa mukwa, osati zomata ndi guluu ngati mmene amachitira aulesi. Ndisaname, n'zimene zinandikopa. Ndinkati munthu woleza mtima ndi mtengo adzalezanso mtima ndi ine, poti ineyo pakamwa panga sipapuma.

Matenda anayamba mwana wathu wachiwiri ali kumsana, ndipo poyamba sitinawatche matenda. Munthu akusema osatopa, akuimba, akulonjeza kutimangira nyumba yosanja ku Dambwa kuno, ndani akanathamangira naye kuchipatala? Apongozi anga ankati ndi madalitso. Kenako zinatembenuka. Anatha miyezi iwiri ali chigonere, nkhope kukhoma, osasamba, osayankha ngakhale moni. Titazungulira kumapemphero ndi kwina kumene sindikufuna kukutchula, dokotala anatiuza kuti ndi bayipola, matenda amene amamukweza munthu pamwamba penipeni kenako n'kumugwetsa pansi. Anati satheratu, amangogonekedwa ndi mankhwala a tsiku ndi tsiku, ndipo pamafunika kuyezetsa magazi kawirikawiri kuti aone ngati impso zikupirira.

Mankhwalawo anagwira. Tinakhala zaka zingapo m'nyumba muli bata, ana akupita kusukulu, ine ndikuluka anthu tsitsi pakhonde. Koma mankhwalawo anabwera ndi mlendo wake: manja a amuna anga anayamba kunjenjemera. Sikunali kunjenjemera koti wodutsa pamsewu angakuone. Ine ndinangozolowera kuwathirira tiyi theka la kapu kuti asadzitenthe. Koma mwendo wa nyamalikiti sukhululuka. Ankakhala pansi pa mtengo wa mango ndi kampeni kawo, miyendo itatu yatha bwinobwino, wachinayi n'kungomva kuti thyo. Sankatukwana. Ankangonyamuka n'kukaiika kuseri kwa nyumba, kumene mulu wa nyamalikiti za miyendo itatu unkakulirakulira. Ndinkawaseka kuti tatsegula chipatala cha nyama zolumala, iwo n'kuseka ndi mano okha.

Tsiku lina m'mawa, ndili pa changu, ndinaiwala n'kudzaza kapu mpaka pakamwa. Anaitenga patebulo, n'kuyenda nayo mpaka panja, osataya ngakhale dontho. Ndinaima ndi ketulo m'manja. Atapita kumsika ndinafufuza m'thumba lawo la zida, ndipo m'kachitini ka polishi wa nsapato, amene amapakira ziboliboli kuti zide, ndinapezamo mapilitsi ali mbwee. M'botolo ankatsika tsiku lililonse, inde, koma ankatsikira m'kachitinimo.

Apa ndiye pali mlandu wanga. Ndinatseka kachitini, ndinakabwezera momwe kanali, ndipo sindinanene kanthu. Ine amene sindilola kuti supuni isochere m'nyumba mwanga osafunsa, ndinakhala duu masabata asanu. Ndinkadziuza kuti mwina achira, mwina dokotala anakokomeza. Koma zoona zake n'zakuti ndinawasowa. Ndinamusowa munthu uja woseka mpaka misozi, wonditsina ndikamadutsa, wobwera kunyumba akuimba likhweru. Mankhwala anandipatsa mwamuna wodekha, koma wofooka m'maso, ndipo tsopano wakale uja anali atabwera. Nyamalikiti zinayambanso kuima ndi miyendo inayi, zokongola kuposa kale. Ndinazipukuta ndekha ndi nsanza, ndikunyadira.

Walira mvula walira matope. Sabata yachinayi tulo tinawathawa, mawu anayamba kuthamanga moti sunkatha kulowetsapo lako. Yachisanu, masana ena, mnzawo wa benchi yogulitsirapo yoyandikana ndi yawo kumsika anafika pakhonde ndili pakati poluka munthu, thukuta lili chuchuchu.

"Bamulamu, siyani ivo, tiyeni manje manje," anatero. "Bamuna banu bagaba vonse vamene vinali pa benchi, aliyense opita bamupasa. Manje bayenda na mendo ku Simonga, ati bakagule mitengo yonse ya kuja."

Tinakwera galimoto ya mnzawo wina n'kuwapeza m'mbali mwa msewu, kunja kwa tauni, dzuwa lili paliwombo. Nsapato anali atapatsa munthu. Mapazi anali magazi okhaokha, koma iwo osamva kanthu, akufotokozera mitengo ya m'tchire za sitolo yaikulu imene adzatsegule kunja kwa dziko. Atandiona anakondwa kwambiri.

"Bamake bana, mwabwela! Onani manja yanga, yali chabe bwino!"

Anawatambasula kuti ndione, ndipo analidi chilili, osagwedera. Sindinayambe ndadana ndi chinthu ngati momwe ndinadanirana ndi manja amenewo tsiku limenelo.

Anagonekedwa m'chipatala masabata atatu. Atatuluka kunabwera kugwa kuja, ndipo ulendo uno kunali kozama kuposa koyamba. Nyengo yonse ya dzinja anaithera pamphasa. Mmawa wina ndikuwapukuta kumaso anandiuza motsitsa mawu kuti bwenzi zili bwino akanangochokapo, ana ndi ine tipume. Ndinachita mantha amene sindinawaonepo. Tsiku lomwelo ndinasonkhanitsa mipeni yonse ndi kasemasema n'kukasungitsa kwa mchemwali wanga, ndipo m'mawa mwake ndinabwerera nawo kuchipatala. Dokotala sanandikalipire. Anangonena kuti nthawi iliyonse munthu akasiya mankhwala matenda akhoza kubwerera mwaukali, ndipo kuwagonekanso kumavuta. Akanandikalipira mwina zikanandipepukira.

Anzawo a kumsika ali ndi kachitidwe kawo: wina akadwala, benchi yake sikhala yopanda kanthu. Aliyense anaikapo kanyama kamodzi ka iye mwini, wa njovu njovu, wa mikango mkango, kuti malo asaoneke ngati a munthu womwalira. Amuna aja, amene amalimbirana mlendo mmodzi ngati nkhuku pa chimanga, anachita zimenezi miyezi inayi osatopa. Ndikawakumbukira ndimaleka kuwanena.

Mvula itatha, amuna anga anayamba kutuluka panja n'kumawothera dzuwa. Dokotala anali atasintha pang'ono kamwedwe ka mankhwala, kunjenjemera kunachepa koma sikunathe. Anapempha zida zawo. Ndinazengereza masiku atatu, kenako ndinakazitenga. Ndinkaluka munthu pakhonde diso lili pansi pa mango, ndikudikira kumva thyo. Sindinamve. Patapita masiku anandiitana n'kundipatsa chimene anasema. Inali nyamalikiti yokhala pansi, miyendo itaipinda kunsi kwa mimba, khosi lokha lili njo.

"Iyi yalema," ndinatero, poti pakamwa panga sipadikira.

"Awe, siinaleme," anayankha. "Ili pa mankwala."

Tinaseka mpaka mayi amene ndinkamuluka anatuluka pakhonde tsitsi lili theka kudzaona. Atabwerera, amuna anga anasiya kuseka, n'kumapukuta kampeni pa buluku.

"Bamake bana, kachitini kaja ka polishi. Munakapeza, ayi?"

Ndinamva kutentha kumaso. Nthawi yonseyi ndinkaganiza kuti chinsinsicho n'changa ndekha.

"Ninakapeza," ndinavomera.

"Ninaziba. Munakatseka bwino maningi, ine sinitsekako so. Nanga ni chani simunakambe?"

Ndinafuna kunama kuti ndinkaopa kuwakwiyitsa, koma ndinali nditatopa nalo bodza, choncho ndinawauza mmene ndinawasowera.

"Ninakuyewani, batate bake. Ninamuyewa muntu uja."

Anayang'ana manja awo ali pa maondo, akugwedera pang'onopang'ono.

"Na ine nimamuyewa," anatero. "Koma uja muntu sakonda bana banga. Abwela chabe, aononga, ayenda, asiya ine pa mpasa. Manje mvelani. Siku ina nizafuna futi kusiya, niziziba neka. Mukaona manja yanga yaima, musanimvelele chifundo. Kambani, olo Dambwa yonse imvele."

Ndinalonjeza. Papita zaka tsopano. Nyamalikiti zokhala pansi zimagulidwa, ngakhale sizithamanga ngati zoimirira zija, ndipo anzawo amawaseka kuti nyama zawo n'zaulesi ngati mwini wake. Timapita limodzi kukayezetsa magazi, ndipo nthawi iliyonse mtima umakhala m'mwamba mpaka dokotala atiuze kuti impso zikadali bwino. Kawiri konse zizindikiro zinayambanso, tulo kuchepa, mawu kuchuluka, ngakhale anali akumwa mankhwala, ndipo tinathamangira kuchipatala zisanafike patali. Sindikudziwa kuti tidzakalamba nawo bwanji matenda amenewa. Palibe amene wandilonjeza kanthu, ndipo ndinasiya kufunsa.

Kutchalitchi tsiku la ukwati wathu ndinalumbira zambiri, ndipo zonsezo zinali zopepuka poyerekeza ndi lonjezo la pansi pa mango lija. Ndimawakonda amuna amenewa kuposa mmene ndinkawakondera ali ndi manja olimba, koma sindinaleke kumusowa winayo, ndipo ndikudziwa khomo limene angalowere ndikangotseka pakamwa. Azimayi anzanga akamapempherera amuna awo amapempha ntchito, amapempha kuti asiye mowa. Ine m'mawa uliwonse ndimapempha kuti manja a amuna anga asaleke kunjenjemera.