Khomo Lakumbuyo kwa Abishopu

Linali tsiku lochapa. Ine ndi mng'ono wanga Rosa tinali kumtsinje ndi amayi, kuyanika nsalu za paguwa. Amayi ankagwira ntchito kunyumba ya abishopu, m'tauni yathu yakale ku Mozambiki. Mfuti zinayambira kumsika. Poyamba tinkayesa ndi galimoto.

Nyumbayo inamangidwa ndi Apwitikizi, agogo asanabadwe. Inu obadwira ku Indianapolis kuno, ndi tinyumba tanu tamatabwati, simungamvetse. Khoma lake linali lamiyala, lochindikala moti munthu ankatha kugona pawindo. Kutsogolo kunali khonde la zipilala, masitepe, ndi chitseko chachikulu chokhomedwa zitsulo. Kumbuyo kunali kakhomo kakafupi, kolowa chowerama. Kameneko ndiko kanali kathu, anthu akuda.

Apwitikizi anali atapita. Abishopu anali akuda ngati ife, ndipo lamulo lakalelo ankadana nalo. Koma amayi, ayi ndithu! Ankati mapazi awo sawadziwa masitepe amenewo.

Tinathamanga kukwera mtunda. Chitseko chachikulu chinali pululu, masisitere akukokera anthu mkati: ogulitsa nsomba, ana asukulu, wina ndi mbuzi yake. Amayi anatikankhira pamasitepe, iwo n'kuima pansi. Mapazi awo anali matope okhaokha.

"Lowani, ana inu. Ine ndizungulira."

"Amayi, pano ndiye pafupi!" ndinatero.

Anazungulira, beseni lili pamutu.

Kakhomo kaja anthu anali atakatseka kale, n'kuunjikapo matumba a chimanga. Ndinaziona nditafika kukhitchini. Matumbawo anandikanika. Ndinakuwa, koma khoma lotero silitulutsa mawu. Mpaka lero ndimapsa mtima. Sindidziwa woti ndimukwiyire, amayi kapena amene anamanga.

Tinabisala m'chipinda chapansi, mosungira vinyo wa Misa. Zipolopolo zinkangogumula pulasitala. M'nyumbamo simunafe munthu.

Kutakhala bata ndinatuluka. Beseni linali pakhomo paja, nsalu zili momwemo, zosadetsedwa. Amayi panalibe. Wina anati anawaona atasenzetsedwa katundu ndi asilikali akutchire, akulowera kuphiri.

Abishopu anatikweza lole ya mishoni. Komaliza tinayenda wapansi, n'kulowa m'Malawi cha ku Dedza.

Pamsasa wa othawa nkhondo, bambo wogawa mabulangete anafunsa kuti tilipo angati. Rosa anayankha msanga kuti atatu, enawo akubwera m'mbuyo. Bamboyo anandiyang'ana. Ine sindinatsutse.

Ku Dedza kumazizira, inu. Koma lachitatulo sitinafundepo.