Filimu Imene Ndinaonetsa Ana a Katekisimu

Inu owerenga, ine ndine mayi wophunzitsa katekisimu pa komboni ya pulazi ina ya fodya kufupi ndi Centenary, kuno ku Zimbabwe. Ndikuvomera pamaso panu kuti ndinaonetsa ana filimu ya munthu wobaya anzake ndi mpeni, ine ndikuyesa ya Mulungu. Panangotsala pang'ono kuti mwana wina alephere kulandira Ukaristia koyamba chifukwa cha phuma langa.

Mwanayo ndi Rosa. Mayi ake ndi Akatolika a ku Tete, koma bambo ake, a Phiri, ndi a gule wamkulu, makolo awo anachokera ku Malawi. A Phiriwo ndiwo amapha ndi kusenda ng'ombe pa pulazi pano, ndipo m'tchalitchi anali asanapondemo. Ndinatha mapazi kupita pakhomo pawo kukapempha kuti Rosa ayambe katekisimu. Atavomera anandichenjeza kuti tsiku limene mwanayo adzabwere akulira kuchokera kwa ine, zidzathera pomwepo.

Kutatsala milungu iwiri kuti ansembe abwere kudzamvetsera kulapa kwa anawo, ndinapita ku Glendale kukaona mchemwali wanga. Podikira kombi yoti ndikwere pobwerera ndinaona bambo wina atayala madisiki akale pansaka. Imodzi inandikoka maso. Pachikuto panali mtsikana atagwada, kolona m'manja, kandulo ikuyaka, mtanda kumbuyo kwake. Ndinafunsa ngati inali ya tchalitchi. Wogulitsayo anayankha m'Chishona kuti ndi ya Roma yeniyeni, ansembe ndi masisitere ali momwemo. Sananame, koma sananene zonse. Mawu a Chingerezi anali atafufutika, ndipo ine Chingerezi changa ndi cha moni basi. Ndinabwera nayo kunyumba ndikudzitama mumtima kuti chaka chino ana anga aona zimene anzawo a m'tauni amaona.

Kuionera ndekha kaye sindinakuganizire n'komwe. Batire ya sola ndi yobwereka, ndiye ndinati ndisaithere pachabe.

Loweruka masana tinaika TV m'shedi yosankhiramo fodya, momwe timapemphereramo. Filimu inayamba bwinobwino. Inali yakalekale, mitundu yake yotuwa ngati chitenje chochapidwa kambiri, mawu akumveka ngati akuchokera m'mgolo. Atsikana a sukulu ya masisitere ankaimba Misa ya Chilatini. Ndinauza ana kuti aonetsetse mmene anzawo akugwadira mwaulemu, kenako ndinatuluka kukathandiza azimayi amene ankasoka madiresi oyera pakhonde.

Sipanapite nthawi ndinamva kukuwa. Ana anatuluka mopanikizana pakhomo, ena kusiya masilipasi. Nditalowa ndinapeza pa TV mtsikana atagwada pamalo olapira, ndipo kuseri kwa katani kukutuluka dzanja la munthu wovala mkanjo wakuda, thumba kumutu, mpeni m'mwamba. Ndinazula waya. M'shedi monse munatsala Rosa yekha, atauma pabenchi, misozi ikungotsika.

Inu owerenga, mwina simukudziwa mmene timalapira kuno. Tilibe kachipinda kolapiramo. Ansembe akabwera timapachika nsalu pachingwe pakona ya shedi, iwo amakhala kuseri, wolapa amagwada mbali inayo. Rosa anauza mayi ake kuti pansalu imeneyo sadzagwadapo, ngakhale amumenye. Chakudya anasiya. Ana enawo anaiwala msanga, mawa lake anali atayamba kale kuthamangitsana atavala matumba kumutu, koma iye ayi. Ndipo popanda kulapa palibe kulandira.

Lamulungu titaweruka mapemphero, a Phiri anatulukira kwanga. Ndinawapatsa mpando. Sanakalipe. Anangoti akufuna aone ndi maso awo chimene chaliza mwana wawo. Tinabwerekanso batire ija, n'kukhala awiriwiri m'shedi dzuwa likuswa mtengo, ine mphunzitsi wa katekisimu ndi munthu wa gule, kuonera filimu yonyansayo kuyambira poyamba mpaka pamapeto. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo chibadwire.

Ine ndinkabisa nkhope, iwo ali tcheru. Pakati pa filimu ndinamva akuseka chamumphuno.

"Amayi, awa si magazi, iyi ndi jamu," anatero. "Magazi samayenda choncho. Ndipo tarisai, taonani mpeniwo, ukupindika ngati chipande cha labala."

Anandionetsanso kuti mlonda amene anaphedwa koyambirira ndi yemweyo amene ankaimba kwaya kumapeto, atangomuveka ndevu. Anati azungu amenewa anali osauka kuposa ife. Ndinayamba kumasuka, mpaka ndinaseka nawo. Filimu itatha anavala chipewa, n'kundiyang'ana kwa nthawi yoyamba.

"Ine ndikudziwa kuti ndi jamu. Mwana wanga sakudziwa. Imi ndimi mudzidzisi, mphunzitsi ndinu, munayenera kuona musanamuonetse."

Atatero anatuluka. Ndinadziwa kuti zatha, ndipo sabata yonseyo ndinkazemba njira ya kwawo. Ndinadana ndi wogulitsa uja, ndinadana ndi amene anapanga filimuyo, koma ndikagwada kupemphera ndinkapeza kuti wolakwa ndine ndemwe. Diresi ya Rosa inali itasokedwa kale, ndipo ndinkalephera kuiyang'ana.

Tsiku la kulapa litafika, ansembe anabwera m'mawa. Ndinawafotokozera zonse ndisanawapatse n'komwe madzi osamba m'manja. Anagwira kumutu, kenako anati tiyambe ndi ana amene alipo. Nsalu tinapachika, ana anandanda. Atatsala awiri, ndinaona a Phiri akubwera mu ovolosi yawo ya kuntchito, atagwira Rosa padzanja.

Sanandipatse moni. Analowa m'shedi, anavula chipewa, n'kupita molunjika pakona paja. Anakweza nsalu ija m'mwamba kuti mwana aone yekha. Kuseri kunali ansembe athu okalamba, magalasi pamphuno, kolona m'manja. A Phiri anawapatsa moni mwaulemu, n'kuwapempha kuti atambasule manja. Ansembe anatambasula, osafunsa chifukwa.

"Waona? Ndi sekuru, agogo chabe," anauza Rosa. "Gwada. Ine ndili pakhomo apo, palibe adutse."

Ndinawanong'oneza a Phiri kuti zolapa sizimveredwa ndi munthu wina. Anati akudziwa, kwawonso ku gule kuli zinthu zimene sizimveredwa. Anakaima pakhomo atafulatira, manja kumbuyo. Rosa anacheuka kawiri kuona msana wa bambo ake, kenako anagwada. Ine ndinatuluka kuseri kwa shedi n'kukalira ngati mwana, koma kulira kwa mpumulo.

M'mawa mwake Rosa analandira Ukaristia pamodzi ndi anzake. Bambo ake sanalowe Chikatolika, ndipo sindikuganiza kuti adzalowa, koma Misa yonse anaima pakhomo pomwe paja. Disiki ija ndinaiponya m'ng'anjo ya balani ya fodya.

Inu amene mwapatsidwa ana a eni kuti muwaphunzitse, ndikukupemphani, musakhulupirire chinthu chifukwa choti pali mtanda pachikuto. Chilichonse chimene mukufuna kuika pamaso pa mwana, kaya disiki, kaya za pafoni, yambani mwachiona nokha mpaka kumapeto, ngakhale batire ithe. Ine ndinapulumuka, koma osati chifukwa cha nzeru zanga. Mwana amene ndinamuthamangitsa m'tchalitchi ndi manja angawa anabwezedwa ndi bambo amene kwa zaka zonsezi ndinkamuyesa mdani wa tchalitchicho.